NDALAMA ZA MTUKULA PAKHOMO NDI UMOYO WA MWANA WANU

 Ndithokoza chifukwa cha kulawira kwanu, pakuti ndidziwa kuti ena mwa inu mwayenda mtunda wautali mwana ali kumbuyo, ndipo mwasiya ntchito yambiri kumunda. Ine ntchito yanga ndi yoyang'anira za umoyo ndi ukhondo m'midzi. Kawirikawiri mumandiona ndili kuyendera zitsime, zimbudzi, misika ndi malo ophera nyama. Koma lero, ana asanayambe kukwera sikelo, ndifuna kuti tikambirane za ndalama.

Mwina wina afunsa mumtima kuti, kodi munthu wa zaumoyo ndi ndalama zigwirizana pati? Yankho lake nali. Pa zaka zimene ndagwira ntchito imeneyi ndaona kuti mayi angathe kumva bwino maphunziro onse a pano, nadziwa kuti mwana afunika dzira, sopo ndi phala la nsinjiro, koma pofika kunyumba n'kupeza kuti m'thumba mulibe kanthu. Ndaonanso makomo ena kumene ndalama inalowa, koma mwana anapitirira kunyentchera. Tsono nkhani yathu ya lero ili pamenepo: kodi thandizo la ndalama limasintha chiyani pakhomo la anthu osauka, ndipo tichite chiyani kuti ndalamayo ifike m'thupi la mwana?

KODI MTUKULA PAKHOMO NDI CHIYANI?

Mtukula Pakhomo ndi thandizo la ndalama limene Boma limapereka kwa mabanja ovutikitsitsa. Ntchito imeneyi inayamba m'chaka cha 2006 m'boma la Mchinji, mothandizidwa ndi bungwe la UNICEF. Poyamba inali yongoyesa. Banja la munthu mmodzi linkalandira K600 pamwezi, la anthu awiri K1,000, la anthu atatu K1,400, ndipo la anthu anayi kapena oposerapo K1,800. Pamwamba pa izi ankaonjezera K200 pa mwana aliyense wa kupulaimale ndi K400 pa mwana wa kusekondale. Ndalama zimenezi zakhala zikukwezedwa m'zaka zotsatira chifukwa cha kukwera mitengo kwa zinthu. Pofika chaka cha 2018 ntchitoyi inali itafika m'maboma onse 28 a dziko lino. Boma limathandizana ndi dziko la Germany, dziko la Ireland, bungwe la European Union ndiponso World Bank pa ntchito imeneyi.

Si banja lililonse losauka limene limalandira. Lamulo limene ntchitoyi inayamba nalo linali lakuti pa mabanja khumi alionse pasankhidwe pafupifupi limodzi, ndipo banjalo likhale ndi zinthu ziwiri. Choyamba, likhale losaukitsitsa, monga lija lodya kamodzi patsiku ndi lopanda katundu kapena chiweto chogulitsa. Chachiwiri, likhale lopanda anthu okwanira ogwira ntchito: mwina mulibe munthu wamphamvu wa zaka zapakati pa 19 ndi 64, kapena alimo mmodzi koma ali kusamala anthu oposa atatu. Chifukwa chake ambiri olandira ndi agogo olera ana amasiye, amayi amasiye a ana ambiri, anthu olumala ndi odwala nthawi yaitali.

Chinthu chachikulu chimene ndifuna kuti muchimvetse ndi ichi: ndalama zimenezi si ngongole, ndipo zilibe lamulo la kagwiritsidwe kake. Palibe amene akulamulani kuti mugule chakuti. Palibe ntchito imene mugwira kuti mulandire. Boma limangolimbikitsa kuti ana apite kusukulu ndi kuti adye bwino, koma mwini wake wa chiganizo ndinu. Kumeneku ndi kukukhulupirirani, ndiponso ndi udindo waukulu.

KODI ANTHU OSAUKA AMAONONGA NDALAMAZI?

Ntchitoyi itangoyamba, anthu ambiri anadandaula. Ankati munthu wosauka ukampatsa ndalama yosagwirira ntchito, ithera ku kachasu ndi fodya. Ena ankati anthu adzasiya kulima. Enanso ankati amayi adzayamba kubereka ana ambiri pofuna kuonjezera ndalama. Mau amenewa ngakhale lero mumawamva pachitsime ndi pachigayo.

Akatswiri a zofufuza sanafune kungokhulupirira mphekesera. Ku Mchinji, m'zaka za 2007 ndi 2008, anthu a ku Boston University pamodzi ndi a Centre for Social Research ya ku Zomba anayendera mabanja olandira ndi osalandira, nawayerekeza. Kuyambira 2013 mpaka 2015 kafukufuku wina wamkulu anachitika ku Salima ndi ku Mangochi. Konseko anapeza kuti gawo lalikulu la ndalama limapita ku chakudya, ndipo zotsala zimapita ku zovala, sopo, zofunika kusukulu, ziweto ndi zipangizo za ulimi. M'chaka cha 2014 akatswiri a World Bank anasonkhanitsa zofufuza 19 za m'maiko a mu Africa, Asia ndi Latin America, ndipo anapeza kuti thandizo la ndalama silionjezera kugula mowa ndi fodya. Za ulesi nazonso sizinaoneke, ndipo zakuti amayi amabereka ana ambiri chifukwa cha ndalamazi sizinapezeke.

Sindikunena kuti palibe munthu ndi mmodzi yemwe amene anamwera ndalama zake. Tonse tidziwa kuti m'mudzi simulephera kukhala wotero. Koma munthu mmodzi woledzera pamsika amaoneka kwa onse, pamene agogo makumi awiri amene agula chimanga ndi mchere napita kwao mwakachetechete palibe amene amawawerenga. Choncho tisanyoze olandira. Munthu amene wagonapo ndi njala adziwa bwino mtengo wa ndalama.

ZIMENE ZIMASINTHA PAKHOMO

Choyamba chimene chimasintha ndi chakudya. Mabanja ambiri amene ankadya kamodzi patsiku anayamba kudya kawiri kapena katatu, ndipo nkhawa ya chakudya cha mawa inachepa. M'mbale munayamba kuoneka usipa, nyemba ndi mafuta ophikira, m'malo mwa nsima ya masamba okhaokha.

Chachiwiri ndi munda. Inu mudziwa chimene chimachitika m'miyezi ya Disembala, Januwale ndi Febuluwale. Nkhokwe ikatha, mayi amasiya munda wake uli ndi udzu napita kukapalira munda wa wina kuti apeze ufa wa tsiku limenelo. Pokolola, munda wake umampatsa zochepa, ndipo chaka chotsatira njala imabwera msanga. Zofufuza zinaonetsa kuti mabanja olandira anachepetsa ganyu wotereyu nayamba kulimbika m'minda yao. Anagula makasu, zikwakwa, mbeu ndi feteleza. Ambiri anagula nkhuku ndi mbuzi. Motero ndalama yopatsidwa inabala chakudya china cholimidwa ndi manja ao.

Chachitatu ndi sukulu. Ngakhale sukulu ya pulaimale ndi yaulere kuyambira 1994, mwana wopanda yunifolomu, kope ndi sopo amachita manyazi, ndipo mwana wanjala samva za aphunzitsi. M'mabanja olandira, ana ambiri analembedwa sukulu ndipo kujomba kunachepa. Ana ambiri anapeza nsapato, chofunda ndi chovala chosinthira.

Chachinayi chikhudza ana athu aakazi. M'zaka za 2008 ndi 2009, m'boma la Zomba munachitika kafukufuku wina amene anapereka ndalama mwezi ndi mwezi kwa atsikana osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22 ndi makolo ao. Ena ankalandira pokhapokha akapita kusukulu, ena ankalandira popanda lamulo lililonse. Pakati pa atsikana olandira popanda lamulo, mimba ndi maukwati a ubwana zinachepa pa nthawi imene ndalama zinali kubwera. Izi zitiphunzitsa kuti nthawi zambiri chimene chimakankhira mtsikana kubanja ndi umphawi wa pakhomo. Tidziwenso kuti ndalama zitasiya kubwera, kusiyana kumeneku kunazilala patapita zaka zochepa.

Chachisanu ndi ulemu ndi mtendere wa mumtima. Agogo amene kale ankapempha mchere khomo ndi khomo amatha kusonkha nawo pamaliro, kupita kutchalitchi kapena kumzikiti atavala zochapa, ndiponso kukongola pagolosale mwini wake osakayika. Ndipo ndalamazo sizithera pakhomo limodzi. Zimapita kwa wogulitsa tomato, kwa mwini chigayo, kwa telala ndi kwa mnyamata wofolera nyumba. Motero ngakhale osalandira amapindula nazo.

Ku Kenya, m'dera la Siaya, bungwe la GiveDirectly linapereka ndalama zambiri nthawi imodzi, pafupifupi madola 1,000 a ku America pabanja, pakati pa 2014 ndi 2017. Zotsatira zimene zinalengezedwa mu 2025 zinaonetsa kuti imfa za makanda osakwana chaka zinachepa pafupifupi ndi theka m'mabanja amene analandira pa nthawiyo. Zifukwa zake zinali zomveka: amayi ambiri anakachirira kuchipatala, ndipo anatha kupumula ku ntchito zolemetsa mimba itakula ndiponso atangobereka. Phindu linali lalikulu kwa amene anali pafupi ndi chipatala. Ndalama inapulumutsa ana chifukwa inafikitsa amayi ao m'manja mwa anamwino.

ZIMENE NDALAMA PAZOKHA SIZICHITA

Tsopano ndifika pa mfundo imene yandichititsa kuima pano. Kafukufuku wa m'dziko lonse wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi anali opinimbira, ndiko kuti afupi kusiyana ndi msinkhu wao. Kupinimbira kumayamba mwana ali m'mimba ndipo kumakhazikika asanakwane zaka ziwiri. Nthawi imeneyi ndi imene timaitcha masiku 1,000 oyamba. Mwana wopinimbira amadwaladwala, ndipo kusukulu amavutika kugwira maphunziro. Zaka ziwiri zikapita, nkovuta kubweza chimene chatayika. Akuluakulu anati mmera mpoyamba.

Anthu ambiri ankayembekeza kuti ndalama zikalowa pakhomo, kupinimbira kutha. Koma ku Salima ndi ku Mangochi, ngakhale mabanja anayamba kudya bwino, kupinimbira kwa ana aang'ono sikunasinthe. Ku Zambia nako, kumene kuyambira 2010 Boma linkapereka ndalama kwa mabanja a ana osakwana zaka zisanu m'maboma a Kalabo, Shangombo ndi Kaputa, kupinimbira sikunachepe pa ana onse pamodzi. Kunachepa makamaka m'mabanja amene ankamwa madzi aukhondo ndi amene amayi ake anapitako kusukulu.

Kodi chifukwa chake nchiyani? Chifukwa mwana sadya ndalama. Mwana wa miyezi isanu ndi itatu sapindula ndi thumba la chimanga ngati iye amwetsedwa phala lamadzimadzi la ufa woyera ndi mchere wokha. Mimba yake ndi yaing'ono, ndipo phala lotero limaidzaza popanda kumanga thupi. Ndiponso chakudya chabwino chimapita pachabe ngati mwana atsegula m'mimba mwezi ndi mwezi, ngati ali ndi njoka za m'mimba, kapena ngati malungo amgwira kawirikawiri. Kudyetsa mwana wotero kuli ngati kutunga madzi m'ndowa yobooka.

MAKOMO AWIRI

Chaka china, m'nyengo ya mvula, ndinali kuyendera zimbudzi m'mudzi wina kutali ndi kuno. Ndinafika pamakomo awiri oyandikana, ndipo onse ankalandira Mtukula Pakhomo. Pakhomo loyamba panali agogo olera adzukulu anayi, wamng'ono wa chaka chimodzi ndi theka. Agogowa anandionetsa mbuzi ziwiri ndi malata angapo amene anali kusunga. Ndinakondwa nawo, pakuti sanaononge ndi tambala yomwe. Koma nditayang'ana mdzukulu wamng'onoyo ndinaona tsitsi lofiira lonyololoka, masaya otupa ndi mapazi otupa. Chimbudzi chinali chitagwa ndi mvula, ndipo madzi ankatunga kudambo. Nditafunsa za mwanayo anati, "Bambo, ameneyu ndi tsempho, tamfunira kale mankhwala." Ndinakhala nawo pansi, ndipo ndinadina phazi la mwanayo ndi chala. Dzenje linatsala. Ndinawauza kuti kutupa kotere ndi kunyentchera koopsa, ndipo mwana afunika kuchipatala tsiku lomwelo. Anavomera. Mwanayo anagonekedwa, kenaka anapatsidwa chiponde, ndipo anachira.

Pakhomo lachiwiri panali mayi wamasiye wa ana asanu. Iye analibe mbuzi kapena malata. Anali ndi nkhuku zochepa, kadimba ka mpiru ndi bonongwe kuseri kwa bafa, chimbudzi chofolera chokhala ndi chivundikiro, ndi kachigubu ka madzi osamba m'manja pamtengo. Anandiuza kuti tsiku lolandira amayamba wagula sopo, mtedza ndi usipa wosinja wa mwana, zina zonse pambuyo. Mzere wa mwana wake m'buku la sikelo unali kukwera mwezi ndi mwezi.

Amayi, agogo aja sanali munthu woipa kapena wosasamala. Anali kuganizira za mawa, ndipo mbuzi ndi malata ndi zinthu zabwino. Chimene sanadziwe nchakuti denga lingathe kudikira chaka chamawa, koma mwana wa chaka chimodzi sadikira.

NJIRA ZINAYI ZOFIKITSIRA NDALAMA KWA MWANA

1. Mphika

Mwana ayamwe bere lokha mpaka atakwana miyezi isanu ndi umodzi, osampatsa madzi, dawale kapena phala. Pa nthawi imeneyi ndalama ipite m'mbale ya mayi woyamwitsa, chimodzimodzinso mayi wapakati. Akakwana miyezi isanu ndi umodzi, yambani kumpatsa chakudya china, koma apitirize kuyamwa mpaka zaka ziwiri kapena kuposerapo.

Kale tinkaphunzitsa magulu atatu a zakudya. Masiku ano tiphunzitsa magulu asanu ndi limodzi: zokhutitsa monga chimanga, chinangwa ndi mbatata, za mtundu wa nyemba monga mtedza, soya, nandolo ndi khobwe, zochokera ku nyama monga mazira, usipa, mkaka ndi ngumbi, masamba, zipatso, ndiponso mafuta. Phala la mwana likhale la mgaiwa, lolimbirako losayenderera pa supuni, ndipo muikemo nsinjiro, kapena usipa wosinja, kapena dzira, ndi kasupuni ka mafuta pamodzi ndi masamba osinja. Mwana wa miyezi 6 mpaka 8 adye kawiri kapena katatu patsiku. Kuyambira miyezi 9 adye katatu kapena kanayi, ndi kachipatso pakati. Mpatseni mbale yakeyake kuti muone mmene wadyera, pakuti m'mbale ya onse akulu amamthera ndiwo. Gulani mchere wa ayodini. Ndalama imene mukanagulira mwana zakumwa zotsekemera ndi tokhwasula ta m'mapepala, gulirani dzira kapena nthochi.

2. Madzi ndi sopo

Pa zinthu zonse zimene mungagule, sopo ndiye wotchipa poyerekeza ndi matenda amene amatchinga. Sambani m'manja ndi sopo mukachoka kuchimbudzi, mukamsintha mwana thewera, musanakonze chakudya, musanadye ndiponso musanadyetse mwana. Madzi akumwa atungidwe pamjigo kapena pachitsime chotetezedwa. Athireni kolorini monga mwa malangizo a mlangizi wa zaumoyo, kapena awiritseni, ndipo muwasunge mu chotungira chovundikira. Ngati chimbudzi chagwa, gawo la ndalama lipite kwa wokumba dzenje ndi kufolera. Chimbudzi cha mwana wakhanda nacho chitayidwe m'chimbudzi, chifukwa chili ndi tizilombo monga cha wamkulu. Tisaiwale kuti kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo njira yake inali madzi ndi manja.

3. Chipatala

Chithandizo m'zipatala za Boma ndi chaulere, koma ulendo wake si waulere. Ana ambiri amafika mochedwa chifukwa usiku umene anayamba kutentha thupi, pakhomo panalibe ndalama ya kabaza. Choncho tsiku lolandira patulani kandalama ka ulendo wa kuchipatala, mukasunge pokhapokha, ndipo musakakhudze pa zina. Mwana akatentha thupi, afike kuchipatala kapena kwa mlangizi wa zaumoyo tsiku lisanathe kuti ayezedwe malungo. Akatsegula m'mimba mpatseni Thanzi ORS ndi mapiritsi a zinc, ndipo musaleke kuyamwitsa. Thamangirani kuchipatala msanga ngati mwana akomoka, alephera kuyamwa kapena kumwa, asanza chilichonse, apuma mofulumira ndi movutika, wafooka kwambiri, kapena watupa mapazi onse awiri. Agone m'neti usiku uliwonse. Amalize katemera yense, ndipo alandire vitamini A miyezi isanu ndi umodzi iliyonse kuyambira pamene wakwana miyezi isanu ndi umodzi. Inu amayi apakati, yambani sikelo msanga, sungani ndalama ya ulendo wokachira, ndipo mwezi ukayandikira pitani kukadikirira kuchipatala ngati kwanu nkutali.

4. Nkhokwe, khola ndi dimba

Thandizo lililonse lili ndi polekezera. Mayina a olandira amaunikidwanso, ndipo nthawi zina malipiro amachedwa. Nchifukwa chake nkwanzeru kusandutsa gawo la ndalama kukhala chinthu chobereka. Yambani ndi nkhuku, chifukwa nzotchipa ndipo zimapatsa mwana dzira msanga. Koma zilandire katemera wa chitopa, ndipo zigone m'khola lake, osati m'nyumba mogona ana. Mazira ena adye mwana, musagulitse onse. Limani kadimba ka masamba pogwiritsa ntchito madzi otsukira mbale. Bzalani papaya, amene sachedwa kubereka. Gulani chimanga nthawi yokolola pamene mtengo uli wotsika. Lowani banki mkhonde ngati mungathe, koma musakongole ndalama yoposa mphamvu zanu. Pewani katapila, ndipo musapereke khadi lanu lolandirira ngati chikole kwa munthu aliyense. Ndichenjezenso kuti ziweto zikachuluka, ana ena amajombetsedwa kusukulu kuti akawete mbuzi. Kutero nkubweza m'mbuyo chimene ndalamazo zinadzera.

KAMBIRANANI M'BANJA

Ndalama ingathe kumanga banja, ingathenso kuutsa mkangano. Tsiku lolandira lisanafike, khalani pansi ndi abambo kapena akuluakulu a pakhomo, ndipo mugwirizane: izi za chakudya, izi za sopo, izi za sukulu, izi za ulendo wa kuchipatala, izi zosunga. Ndalama imene yakonzedwa isanafike sisochera pamsika. Bweraninso ndi abambo kusikelo nthawi zina, kuti aone okha mzere wa mwana wao m'buku. Bambo amene waona mzere uli kutsika savuta pa nkhani ya dzira. Ngati wina akulandani ndalama mokakamiza kapena kukumenyani chifukwa cha ndalamazo, musabise. Nenani kwa mfumu, kwa a komiti ya m'mudzi, ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kapena kupolisi.

Dziwaninso kuti kulembedwa dzina nkwaulere. Palibe munthu amene ayenera kukupemphani gawo la ndalama zanu ponena kuti ndiye anakulembetsani. Werengani ndalama musanachoke pamalo olandirira. Ngati mulandira pa foni kapena kubanki, nambala yanu yachinsinsi musauze munthu amene simumkhulupirira, ngakhale woimba foni wonena kuti ndi wa ku ofesi. Madandaulo onse ali ndi kopita, ndipo kudandaula sikuchotsetsa dzina.

KWA INU AMENE SIMULANDIRA

Ndidziwa kuti ambiri mwa inu simulandira Mtukula Pakhomo, ngakhale kuti nanunso muli ndi mavuto. Mwina mumtima muli kuwawidwa poona mnzanu ali kulandira pamene kusiyana kwanu nkochepa. Kudandaula kwanu nkomveka, pakuti osauka ndi ambiri kuposa amene thandizoli lingawafikire. Koma tisalole kuti zimenezi zidanitse mudzi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mwana wamasiye wa agogo aja akakhuta, mudzi wonse wapepukidwa.

Zonse zimene ndanenazi zikhudza ndalama ina iliyonse imene ilowa pakhomo panu: ya mtedza ndi soya, ya ganyu, ya geni ya mandasi, ya banki mkhonde, kapena imene achimwene atumiza kuchokera ku Joni. Ikhale yambiri kapena yochepa, funso ndi limodzi: kodi mwana wamng'ono wapezapo chiyani?

KUMBUKIRANI IZI

Ndalama za Mtukula Pakhomo ndi zanu, si ngongole, ndipo palibe woyenera kudyapo.

Mabanja ambiri olandira amagwiritsa bwino ntchito ndalamazi. Tisawanyoze.

Mayi wapakati, mayi woyamwitsa ndi mwana wosakwana zaka ziwiri akhale oyamba kuganiziridwa.

Phala lolimbirako la nsinjiro, usipa kapena dzira; sopo; madzi otetezedwa; chimbudzi chovundikira.

Sungani padera ndalama ya ulendo wa kuchipatala.

Gawo lina ligule chinthu chobereka, monga nkhuku, mbeu kapena dimba.

Bwerani kusikelo mwezi uliwonse mpaka mwana atakwana zaka zisanu.

Tsopano tsegulani mabuku a ana anu. Mwana wanu akatsika pasikelo, musafulumire kupinda buku. Funsani alangizi kuti akuonetseni kumene mzere uli kulowera. Ngati uli kukwera, pitirizani zimene muli kuchita. Ngati waima kapena uli kutsika, musachite manyazi ndipo musachoke msanga. Ine ndi anamwino tikhala pano mpaka womaliza atathandizidwa, ndipo tidzakhala nanu pansi mmodzimmodzi kuti tione chimene chingatheke ndi zimene muli nazo pakhomo. Amene muli ndi mafunso, funsani tsopano.